Shedi yosungiramo thonje ingasanduke bwanji nyumba ya zisudzo?

Njanji idafika ku Salima mu 1935, ndipo tauniyi idakulira m'mphepete mwake. Thonje, mtedza, chimanga ndi mpunga zochokera m'midzi ya m'mbali mwa nyanja zinkasonkhanitsidwa kuno, kuikidwa m'matumba ndi m'mabelo, kenako n'kukwezedwa m'mabogi. Katundu wotere amafuna pomusunga, n'chifukwa chake kufupi ndi siteshoni komanso kudoko la Chipoka kudamangidwa mashedi a njerwa ndi malata. ADMARC itayamba ntchito mu 1971, kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, nyumba zamtunduwu zidafalikira m'maboma onse. Lero katundu wambiri amayenda pa malole, ogula mbewu adachuluka, ndipo m'dziko muno muli mashedi ndi mafakitale akale ambiri omwe amatha miyezi ali chitsekere, mileme ili yakeyake m'denga.

Mbali inayi, gulu la achinyamata la kwa Maganga kapena kwa Kalonga likakonza sewero, limavutika posaka pochitira. Limabwereka kalasi pasukulu, kapena holo ya mpingo ngati tsikulo mulibe chikwati, apo ayi pabwalo la mpira pomwe mphepo ya mwera imauluza mawu onse. Oimba otchuka amabwera ndithu m'boma lino. Sand Music Festival yachitikapo kangapo pagombe la Sunbird Livingstonia ku Senga Bay, ndipo Lake of Stars idachitikira ku Kabumba mu 2018. Koma zimenezo ndi za masiku atatu pa chaka. Nsanja ndi zokuzira mawu zimabwera pa lole n'kubwereranso pa lole, ndipo mtengo wolowera si wa mnyamata wa kabaza wa pa Kamuzu Road.

Nyumba zosowa ntchito zilipo, aluso osowa pochitira aliponso. Maiko ena adalumikiza ziwirizi kalekale, ndipo ine ndikukhulupirira kuti kuno n'zothekanso. Kungoti ntchitoyi si yongosesa, kupenta ndi kuika mipando. Ili ndi mfundo zake, ndipo ina ikaphonyedwa anthu amatha kufa.

Zomwe shedi ili nazo kale

Chodula kwambiri pomanga nyumba ya zisudzo ndi chipinda chachikulu, chachitali kupita m'mwamba, chopanda nsanamira pakati. Nsanamira imodzi yokha imatchinga anthu makumi angapo kuti asaone nsanja. Kuti denga liyende mamita 15 kapena 20 popanda cholichirikiza pakati, pamafunika mitanda yachitsulo kapena yamatabwa yolukana m'makona atatuatatu, ndipo mitanda imeneyi ndiyo imadya ndalama. Womanga shedi ankafuna chomwechomwecho pa chifukwa chake: kuti matumba aunjikidwe mpaka kumwamba ndipo ngolo zitembenuke momasuka. Adathiranso konkire yokhuthala pansi kuti ipirire kulemera kwa katundu, adaika zitseko zikuluzikulu zoti lole ifike pakhomo, ndipo adamanga pamalo pomwe pali msewu kapena njanji. Ngati idali fakitale, nthawi zambiri pamakhala padafika kale magetsi amphamvu oyendetsera makina. Zonsezi wazisudzo amazifuna.

Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima chili ku Johannesburg. M'dera la Newtown mudamangidwa msika wa zipatso mu 1913. Msikawo utasamukira kwina, nyumba idatsala yopanda ntchito. Barney Simon ndi Mannie Manim, pamodzi ndi gulu lawo la zisudzo, adaipempha kukhonsolo ya mzindawo, ndipo ochita zisudzo eni ake adagwira nawo ntchito yoikonza. Market Theatre idatsegulidwa mu Juni 1976, mwezi womwe ana asukulu a ku Soweto adaukira boma latsankho. M'nthawi yomwe malamulo ankalekanitsa anthu potengera khungu, m'nyumba imeneyi akuda ndi oyera ankakhala limodzi kuonera masewero odzudzula tsankholo. Mpaka lero ikugwirabe ntchito, ndipo dzina lake likukumbutsabe kuti padali msika.

Ku Nairobi, GoDown Arts Centre idayamba mu 2003 m'nyumba yomwe kale ankakonzeramo galimoto kudera la mafakitale, ndipo idasanduka mudzi wa ovina, ojambula ndi oimba. Ku São Paulo m'dziko la Brazil, katswiri wa zomangamanga Lina Bo Bardi adatenga fakitale yopanga migolo n'kuisandutsa SESC Pompéia, yomwe idatsegulidwa mu 1982: muli bwalo la zisudzo, malo owerengera, malo odyera ndi zipinda zophunzirira ntchito zamanja. Mayiyu adasiya njerwa ndi mitanda ya fakitaleyo poonekera.

Palinso zitsanzo zotchuka kwambiri zomwe ndimaopa kuti zingatisocheretse. Tate Modern ya ku London idali nyumba yopangira magetsi yomwe idatsekedwa mu 1981 n'kutsegulidwanso mu 2000 ngati malo oonetsera zaluso. Zeitz MOCAA ya ku Cape Town idasemedwa m'kati mwa nkhokwe za konkire zosungira chimanga ndipo idatsegulidwa mu 2017. Elbphilharmonie ya ku Hamburg, yomwe idakhazikidwa pamwamba pa nyumba yosungira koko, tiyi ndi fodya, idadya mayuro oposa 800 miliyoni. N'zokongola, koma munthu akaziona amagwa mphwayi n'kuganiza kuti ntchitoyi ndi ya maiko olemera okha. Ife njira yathu ndi ya Market Theatre ndi GoDown: kuyamba ndi zochepa, aluso ali m'kati kuyambira tsiku loyamba.

Musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti

Funso loyamba si la njerwa koma la mwini. Shedi ikhoza kuoneka yotayidwa, koma ili ndi mwini wake: kampani, bungwe la boma, kapena a njanji, omwe kuyambira mu 1999 ntchito zawo zidaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways (CEAR). Gulu lomwe lathira ndalama zake pokonza nyumba ya eni popanda pangano lolembedwa limakhala pa chiopsezo chachikulu, chifukwa nyumba ikakongola mwini amaikumbukira. Pamafunika lizi ya zaka zambiri, 15 kapena 20, yonena momveka kuti wokonza denga ndani, wolipira msonkho wa malo ndani, ndipo zomwe zawonjezedwa zidzakhala za yani pangano likatha. Opereka thandizo ambiri sathira ndalama panyumba yomwe lizi yake ndi ya zaka ziwiri.

Kenako abwere injiniya. Ayang'ane mitanda, makamaka pomwe chitsulo chakhudzana ndi khoma, chifukwa ndi pomwe dzimbiri limabisala. Ngati ndi yamatabwa, ayang'ane chiswe. Denga lidamangidwa kuti linyamule malata ndi kupirira mphepo basi. Tsopano mukufuna kupachikapo siling'i, nyali, makatani olemera ndi masipika, nthawi zina pamalo amodzi, ndipo pansi pake pakhala anthu. Kawirikawiri njira yabwino ndi kuimika felemu ina yachitsulo m'kati, yoima payokha, kuti inyamule zonsezi osalemetsa mitanda yakale.

Ku Salima palinso chifukwa china choyenera kuunika makoma mosamala. Pa 10 Malichi 1989 kudachitika chivomezi chachikulu chomwe chidapha anthu 9 ndi kugwetsa nyumba zambiri m'boma lino. Tili m'chigwa chomwe nthaka yake imagwedezeka nthawi ndi nthawi. Khoma lalitali la njerwa lopanda lamba wa konkire pamwamba, makamaka la kumapeto lomwe limakwera mpaka kunsonga ya denga, ndilo limayamba kugwa. Matumba a chimanga sadandaula khoma likawagwera. Anthu 300 ndi nkhani ina.

Chachitatu ndi zomwe zidatsalira m'nyumbamo. Thonje ndi mbewu yomwe imapoperedwa mankhwala ambiri, ndipo zaka za m'mbuyomu mwa mankhwalawo mudali DDT, yemwe sawola msanga. Mashedi a chimanga ankafukizidwa mankhwala ophera anankafumbwe. Momwe munkasungidwa feteleza, mchere wake umalowa m'konkire ndi m'njerwa n'kumadya zitsulo pang'onopang'ono. Choopsa kuposa zonse ndi asibesitosi, malata otuwa onga simenti omwe adafoleredwa panyumba zambiri zakale. Akakhala osasweka savuta kwenikweni, koma mmisiri akawadula, kuwaboola kapena kuwaswa, fumbi lake limalowa m'mapapo n'kudzayambitsa khansa patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Ntchito yowachotsa si yopatsa achinyamata odzipereka omwe angomanga kansalu kumphuno.

Mawu

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ndi pomwe maholo athu ambiri amalephera. Lowani m'shedi yopanda kanthu n'kuwomba m'manja kamodzi. Phokosolo silitha pomwepo, limangozungulira ngati mwalankhulira mu mgolo. Chifukwa chake n'chakuti konkire, pulasitala ndi malata sizimeza mawu, zimawabweza. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, choncho m'kanthawi kochepa amakhala agunda makoma kambirimbiri. Wosewera akatchula liwu lachiwiri, loyamba limakhala likadali m'mlengalenga, ndipo omvera amangomva chiphokoso.

Yemwe adayamba kuyeza zimenezi ndi Wallace Sabine wa ku yunivesite ya Harvard. Mu 1895 adapatsidwa ntchito yokonza chipinda chophunzitsiramo momwe mawu sankamveka. Usiku ankanyamula makushoni a mipando kuchokera ku holo ina, kuwayala m'chipindamo, n'kumayeza kuti phokoso likutenga nthawi yaitali bwanji kuti lizimiririke. Adapeza lamulo lomwe akatswiri akugwiritsabe ntchito: tengani kukula kwa m'kati mwa chipinda m'makiyubiki mita, chulukitsani ndi 0.161, kenako gawani ndi kuchuluka kwa malo omeza mawu m'masikweya mita. Yankho ndi masekondi omwe mawu amakhala akulirabe. Pa zisudzo ndi zolankhula pamafunika sekondi imodzi kapena kucheperapo. Nyimbo za gulu lalikulu la zoimbira zopanda magetsi zimakoma pa masekondi pafupifupi awiri.

Tiyerekeze shedi ya mamita 30 m'litali, 15 m'lifupi ndi 7 kupita m'mwamba. M'kati mwake ndi makiyubiki mita 3,150. Pansi, makoma ndi denga zikaphatikizidwa zimakwana masikweya mita pafupifupi 1,500, koma poti n'zolimba zimangomeza magawo ngati 5 pa 100 aliwonse a mawu, kutanthauza masikweya mita 75 okha. Mwa masamu a Sabine, mawu azilira masekondi pafupifupi 7. Mukalowa anthu 300 zinthu zimasinthako, poti thupi ndi zovala zimameza mawu, ndipo nthawi ija imatsika kufika pa masekondi awiri ndi theka. Kwaya ingasangalale nazo, koma sewero ayi. Kuti tifike pa sekondi imodzi pakufunika malo omeza mawu okwana masikweya mita 500, koma makoma ndi anthu aja pamodzi akukwana ngati 200 okha, ndiye kuti pakuperewera pafupifupi 300. Ngati chomwe tikuyala chimameza theka la mawu ogunda pa icho, tifunika masikweya mita 600 a chinthucho. Si makatani awiri a pazenera.

Ambiri akaona kuti mawu sakumveka amathamangira kubwereka masipika akuluakulu. Kumeneko n'kuwonjezera vuto, chifukwa mawu okuzidwa nawo amabwezedwa ndi makoma omwewo. Mankhwala ake ndi zinthu zofewa, zokhuthala, zokhala ndi timipata ta mpweya, zoikidwa motalikirako pang'ono ndi khoma. Malo ofunika kwambiri ndi kudenga ndi khoma la kumbuyo kwa oonerera. Khoma limenelo likakhala kutali, mawu obwerera amafika mochedwa moti khutu limawamva ngati liwu lachiwiri. Zimenezi zimayamba pomwe njira ya mawu obwerera yatalika ndi mamita 17 kuposa ya mawu olunjika. Makatani okhuthala okokeka ali ndi ubwino wina: tsiku la sewero mumawatambasula, tsiku la mpikisano wa makwaya mumawapinda kuti nyumba iyankhe.

Kuno kwathu kulinso mdani yemwe mabuku ambiri a kunja samutchula mokwanira, ndiye mvula pa malata. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mvula ikatsika mwamphamvu, ngakhale mlaliki wa mawu amphamvu amasiya kaye. Siling'i yopyapyala siletsa phokoso limeneli. Pamafunika chofunda chokhuthala chogundana ndi malata, kenako mpata, kenako siling'i yolemera. Ndalama zake n'zambiri, koma popanda zimenezi nyumba igwira ntchito miyezi isanu ndi itatu yokha pa chaka.

Kutentha, mdima ndi mpweya

Yemwe adakhalapo m'nyumba ya malata ku Salima mu Okutobala akudziwa. Munthu wongokhala pansi amatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100, ndiye anthu 300 akutulutsa mawati 30,000, osawerengera dzuwa lomwe laphika malata tsiku lonse. Nyali imodzi yakale ya pansanja, ya mawati 1,000, imatenthetsa ngati anthu khumi. N'chifukwa chake nyali za LED zidasintha zinthu kwambiri kwa malo ang'onoang'ono: zimadya magetsi ochepa, sizitentha kwambiri, ndipo zingathe kuyendera mabatire a sola magetsi akazima.

Kuziziritsa chinyumba chonsecho ndi makina n'kosatheka pa thumba lathu. Njira ina ndi yogwiritsa ntchito khalidwe la mpweya: wotentha umakwera. Mukatsegula mpata wautali pamsana pa denga n'kuuphimba ndi kadenga kena kuti mvula isalowe, ndipo m'munsi mwa makoma mukasiya mipata ya njerwa zoboola, mpweya wotentha umatulukira kumwamba n'kukoka wozizirirapo kuchokera pansi. Kutalika kwa shedi kumathandiza pamenepa. Onjezani mafani akuluakulu ozungulira pang'onopang'ono, poti ang'onoang'ono othamanga amasokosa, khonde lotchinga khoma la kumadzulo, ndi mitengo ya mthunzi.

Chovuta n'chakuti zofuna zitatu zimalimbana. Sewero limafuna mdima kuti nyali zigwire ntchito, limafuna bata kuti mawu amveke, ndipo anthu amafuna mpweya. Bowo lililonse lolowetsa mpweya limalowetsanso kuwala, phokoso la njinga zamoto ndi udzudzu, komanso limatulutsira phokoso la bandi kwa oyandikana nawo. Palibe njira yopezera zonse mokwanira. Amisiri amamanga mipata yokhotakhota, yopakidwa zakuda m'kati ndi yoikidwa sefa, kuti mpweya udutse koma kuwala kutsekeredwe ndipo phokoso lichepe. Zotsalazo zimathetsedwa ndi ndondomeko: masewero ofuna mdima aziyamba dzuwa litalowa, pomwenso kunja kwazizirako.

Moto

Shedi idamangidwa kuti katundu asabedwe, n'chifukwa chake ili ndi makomo ochepa, mawindo ochepa ndi zitsulo paliponse. Nyumba ya anthu ambiri imafuna zosiyana ndi zimenezo. Mu 1903 moto udapha anthu pafupifupi 600 mu Iroquois Theatre ku Chicago, ambiri ataunjikana pamakomo osatseguka, ndipo ngoziyi ndi imodzi mwa zomwe zidakhwimitsa malamulo oti zitseko za malo otere zizitsegukira kunja ndi kungokankha. Mu Disembala 2016, ku Oakland m'dziko la America, anthu 36 adafera m'nyumba yosungira katundu yotchedwa Ghost Ship yomwe aluso adaisandutsa mokhalamo ndi moimbira popanda chilolezo. Mudali modzaza matabwa ndi mipando, ndipo njira yotulukira idali yosokoneza.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zinthu zokonzera mawu zija ndi zomwenso zimakoleza moto. Mu 2003, ku Rhode Island, anthu 100 adafa m'malo oimbira otchedwa The Station siponji yomatidwa m'makoma kuti ichepetse phokoso itagwira moto. Siponji imayaka msanga ndipo utsi wake ndi wakupha. Kwathu kuno maganizo oyamba angakhale kuyala mphasa, mikeka ya mlaza, ziguduli kapena thonje lenilenilo, poti zimapezeka pafupi ndipo zimaoneka bwino. Zingathandize ndithu, koma ziyenera kunyikidwa m'mankhwala ochedwetsa moto ndi kutalikirana ndi mawaya ndi nyali, ndipo kumbuyo kwake kukhale zomezera mawu zosayaka. Siponji ya matiresi isayandikire n'komwe.

Makomo otulukira akhale angapo, m'mbali zosiyana, oti wina akatsekedwa ndi moto anthu athawire kwina. Chitseko chachikulu chokoka cham'mbali chija sichiwerengedwa, poti gulu la anthu likachitsamira sichisuntha. Pakhale nyali zoyendera batire zosonyeza potulukira. Ndipo pali chizolowezi chathu china choyenera kuthetsedwa: kukhoma makomo ena onse ndi loko kuti anthu asalowe mozemba osalipira, n'kusiya limodzi la wotolera ndalama.

Bwalo la ntchito zambiri

M'tauni ngati Salima simungakhale nyumba ya zisudzo zokhazokha. Sabata imodzi imafuna sewero, chikwati, msonkhano wa alimi, kanema, mpira wa pa TV ndi maphunziro a kuvina. Choncho pansi pasiyidwe pafulati monga padaliri, ndipo zonse zikhale zosunthika: nsanja ya zidutswazidutswa zolumikiza, ndi masitepe a mipando opangidwa ndi chitsulo ndi matabwa oti anyamata anayi angathe kukankhira kukhoma. Masitepewa ndi ofunika, chifukwa pafulati munthu wa mzere wachisanu ndi chimodzi amangoona mitu. Mtunda nawo uli ndi malire. Kupyola mamita 20, nkhope ya wosewera sionekanso bwino, ndiye m'shedi yaitali ndi bwino kuika nsanja pakati pa khoma lalitali, kapena pakatikati oonerera n'kukhala mbali ziwiri, monga adachitira Lina Bo Bardi ku São Paulo.

Kusunthika kumeneku kumagwirizana ndi momwe ife timaonerera. Chimtali, chisamba ndi mganda sizidabadwire pansanja yoyang'ana mbali imodzi. Zimavinidwa pabwalo, anthu atazungulira, oimba ndi owomba m'manja ali mbali ya gule, wofupa akulowa n'kutuluka. Holo ya mipando yokhomerera pansi imaumitsa zonsezi. Shedi yopanda kanthu imalola bwalo kubwerera. Chosowa ndi pansi poyenera: konkire imapweteka mawondo ndi msana wa ovina, ndiye pakhale matabwa oyalidwa pa timitanda kuti pazinyutuka pang'ono, otetezedwa ku chiswe.

Gule Wamkulu, yemwe UNESCO idamulemekeza mu 2005, ndimaona kuti asakakamizidwe kulowa m'nyumba. Amafuna dothi ndi fumbi, ali ndi njira yake yofikira ndi yobwerera, ndipo bwalo lake lili m'manja mwa mafumu ndi akuluakulu a mwambo. Mashedi ambiri ali ndi chibwalo panja pomwe malole ankatembenukira. Chimenecho chisathiridwe konkire chonse. Eni mwambo akavomera, gule angavinidwe pamenepo, ndipo masiku ena pangakhale msika wa zosemasema kapena kanema wa usiku.

Zimbudzi, madzi, chipinda chosinthira zovala, mosungira mipando ndi njira ya oyenda pa njinga za olumala sizikopa maso pa pulani, koma mayi yemwe wapeza chimbudzi chimodzi cha anthu 300 sadzabweranso. Izi ndi bwino kuzimanga panja, moyandikana ndi shedi, kuti chipinda chachikulu chisadulidwedulidwe.

Pokonza, pasakhale changu chofufuta zakale. Sikelo yoyezera mabelo, manambala olembedwa pakhoma, kanjanji kolowa pakhomo, zonsezi zisiyidwe. Si zokongoletsa chabe. M'zaka za m'ma 1970 mlimi wamng'ono ankagulitsa thonje ndi mbewu zina kwa wogula mmodzi pa mtengo woikidwa ndi boma, wotsika poyerekeza ndi wa kunja, ndipo phindu lambiri lidapita kukakuza maesiteti. Agogo omwe adasenza matumba m'nyumba zimenezi akadalipo m'midzi yathu, ndipo nkhani zawo ndi masewero osalembedwa. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza nyumba zomwe boma lazilengeza kuti ndi za mbiri, ndipo ndi nzeru kufunsa ku dipatimenti yoona za zinthu zakale musanagumule kalikonse. Mandala House ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, idapulumuka chifukwa ikugwiritsidwabe ntchito: muli malo oonetsera zojambula, modyera ndi laibulale ya Society of Malawi.

Tsiku lotsegulira likadutsa

Nyumba zambiri za chikhalidwe sizifa pomanga, zimafa zitatsegulidwa. Chitsanzo tili nacho. French Cultural Centre ku Blantyre idali likulu la zisudzo m'dziko muno, komwe Wakhumbata Ensemble Theatre ya Du Chisiza Jnr ndi Kwathu Drama Group ankadzaza bwalo. Afalansa atachoka mu 2011, boma lidagula malowo n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre. Zipangizo zidabedwa, nyumba zidawonongeka, ndipo ntchito yokonzanso yatenga zaka zambiri. Makoma adalipo, mbiri idalipo, oonerera adalipo. Chidasowa ndi ndalama za mwezi ndi mwezi komanso munthu wokhala ndi kiyi yemwe ali ndi mphamvu yogula babu popanda kulemba kalata ku likulu.

Wopereka thandizo amakonda kulipira zomanga, chifukwa zimajambulika ndipo zimatha. Malipiro a mlonda, bilu ya magetsi ndi madzi, kukonza denga lodontha, chiphaso choimbira nyimbo pagulu cha COSOMA (bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso) ndi zilolezo za malo a zisangalalo, zonsezi zimabwera chaka ndi chaka. Ndalama za pakhomo pa sewero sizingakwanitse, ngakhale ku maiko olemera sizikwanitsa. Market Theatre yomwe lero imalandira thandizo la boma la South Africa.

Salima ili ndi mwayi umodzi womwe maboma ena alibe. Ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe, ndipo misonkhano yambiri ya mabungwe imachitikira kuno. Ena mwa alendo amenewa angabwereke holo masana kapena kudzaonera gule madzulo. Maukwati, zinkhoswe, miyambo yotsazikana ndi ophunzira ndi mapemphero zingabweretse ndalama zokhazikika. Timashopu ta m'mbali mwa mpanda, ta telala, wojambula zithunzi kapena situdiyo yojambulira nyimbo, tingalipire lendi mwezi uliwonse ndi kuchititsa kuti pamalopo pazikhala anthu tsiku lonse, zomwe zimathamangitsa akuba kuposa loko.

Koma pomwepa pali msampha. Chikwati chimalipira kuposa sewero, ndipo mpingo wobwereka Lamulungu lililonse sulephera. Pakatha zaka ziwiri mupeza Loweruka lililonse ndi la akwati, Lamulungu ndi la mapemphero, achinyamata aja abwerera kukalasi ya pasukulu. Choncho malamulo a bungwe loyendetsa malowa alembe kuyambira pachiyambi kuti masiku akutiakuti pa mwezi, kuphatikizapo Loweruka lina, ndi a zaluso ndipo sagulitsidwa, komanso kuti masana a m'kati mwa sabata magulu a m'dera aziyeserera pa mtengo wochepa. M'bungwemo mukhale aluso eni, woimira khonsolo, woimira mafumu ndi munthu wodziwa kusunga mabuku a ndalama, ndipo mabukuwo aziwerengedwa poyera. Pakhalenso wachinyamata mmodzi kapena awiri ophunzitsidwa bwino za nyali ndi zokuzira mawu, olipidwa, chifukwa zipangizo zogwiridwa ndi aliyense sizitha chaka. Ntchito ya masitepe, nsanja ndi mafelemu ingapangidwe konkuno ndi amisiri owotcherera ndi akalipentala, kuphatikizapo ophunzira a ku Salima Technical College, kuti chikathyoka wokonza akhale pafupi.

Dongosolo la kagwiritsidwe ntchito ka ndalama zoyamba ndi ili, mwa kuona kwanga: pangano la malo, lipoti la injiniya, denga, makomo othawira moto, mawaya atsopano a magetsi ndi zimbudzi. Zikatheka zimenezi, tsegulani, ngakhale mipando ikhale yobwereka ndipo nyali zikhale khumi zokha. Miyezi isanu ndi umodzi ya chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, idzakuuzani zomwe pulani singanene: anthu angati amalipira ndipo ndalama zingati, amakonda 3 koloko masana kapena 6 koloko madzulo, amayi amabwera okha kapena ayi, mpweya umaima pakona iti, ndipo sewero likatha usiku a ku Senga Bay ndi ku Lifuwu amapeza chokwera kapena amagona panjira. Siling'i yoletsa phokoso la mvula, masitepe a mipando ndi sola zibwere pambuyo pake, molingana ndi mayankho amenewo.